Kugula masheya: kusankha kampani ndi kudziwa nthawi yogulira

Aphunzitsi, anamwino ndi ena ogwira ntchito za boma ku Chiradzulu ali pafupi ndi msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange mumzinda wa Blantyre. Msikawu udayamba malonda mu Novembala 1996 ndi masheya a kampani ya NICO. Woikako ndalama zomwe wasunga kapena za penshoni ayenera kudziwa kampani yoyenera kugula komanso nthawi yogulira.

Posankha kampani, ambiri amatsata njira yomwe Benjamin Graham wa ku America adafotokoza m'buku lake la mu 1949, The Intelligent Investor. Wogula amawerenga malipoti a pachaka kuti aone phindu, ngongole ndi katundu wa kampaniyo. Kenaka amagawa mtengo wa sheya ndi phindu la pachaka pa sheya iliyonse. Mwachitsanzo, sheya ya K100 yopindula K20 imapereka 5, pomwe ya K100 yopindula K5 imapereka 20. Yoyambayo ndiyo yotsika mtengo, malinga ngati kampaniyo ili yolimba.

Pofuna kudziwa nthawi, amayang'ana kayendedwe ka mtengo, monga momwe wogula chimanga ku Chiradzulu amadikirira nyengo yokolola m'malo mogula mu Januwale. Chizindikiro chimodzi ndi avareji ya mtengo pa masiku 50 ndi pa masiku 200: ya masiku 50 ikapitirira inzakeyo, amati mtengo wayamba kukwera. China ndi RSI, chomwe J. Welles Wilder adayambitsa mu 1978. Chikaposa 70 ndiye kuti sheya yagulidwa mopyola muyeso, ndipo chikatsika kupitirira 30 yagulitsidwa mopyola muyeso.

Zizindikirozi zidapangidwira misika ikuluikulu. Pamsika wa m'dziko muno pali makampani ochepa, ndipo masheya ena amatha masiku osagulidwa, choncho munthu mmodzi atha kusuntha mtengo ndi kusokoneza chizindikiro. Kugwa kwa ndalama nako kumafunika kukuwerengera: kwacha idatsika ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero phindu lomwe lakwera pa pepala litha kukhala lochepa mphamvu.

Pachifukwa ichi, malipoti a kampani ndiwo amatsogola, ndipo zizindikiro zimangothandiza kusankha tsiku. Masheya amagulidwa kudzera kwa mabuloka okhala ndi chilolezo cha Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi gavanala wa banki yaikulu ya Reserve.