Njovu za ku Dambwe kwa Kabudula

Fodya wa chikopa atafika m'dera la Lilongwe m'zaka za m'ma 1920, mitengo yambiri ya kwa Kabudula ndi ku Nsaru inathera m'mabalani. Boma litakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926, minda inakula, ndipo nyama zakutchire zinathaŵa.

Koma nkhalango za kumanda sizinagwe, pakuti kumeneko ndiko kudambwe. Amisiri a Nyau anapitiriza kuluka kasiyamaliro ndi njovu ndi nsungwi, udzu ndi makoko a chimanga. Motero nyama zimene zinasoŵa m'thengo zinkabwerabe pabwalo kudzaperekeza maliro.

UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005. Komabe ulemuwo sungasunge mtengo. Manda akadzadulidwa, njovu idzatulukira kuti?