Kambalame ka ku Liben ndi Msipu wa Aborana

Kumwera kwa dziko la Ethiopia, pafupi ndi tauni ya Negele, kuli chidikha chotchedwa Liben, kumene mvula imagwa mopereŵera ndipo anthu a mtundu wa Aborana akhala akuŵeta ng'ombe kuyambira kalekale. M'chidikhamo mumakhala kambalame kotuŵa, kosasiyana kwenikweni ndi mpheta pa msinkhu, kamene akatswiri amakatcha Liben lark. Kamamanga chisa chake pansi, patsinde pa udzu, kotero kuti moyo wake wonse umadalira msipu.

Akatswiri anakapeza koyamba kumeneko m'chaka cha 1968, ndipo Christian Erard wa ku France analemba za iko mu 1975. Koma kambalameka kanali katakhala kale ndi ng'ombe za Aborana kwa mibadwo yambiri popanda vuto, chifukwa oŵetawo anali ndi malamulo osungira msipu. Ankasamutsa ziŵeto potsata nyengo. Ankatentha tchire pa nthaŵi yake kuti zitsamba zaminga zisachuluke. Ankapatulanso malo ena otchedwa kallo, kumene udzu unkasungidwira ana a ng'ombe ndi ng'ombe zofooka m'chilimwe.

Zinthu zinayamba kusokonekera m'zaka za m'ma 1970, pamene boma linaletsa kutentha tchire. Moto utaleka, mitengo yaminga inafalikira pamene panali msipu. Pambuyo pake chilala ndi nkhondo zinasonkhanitsa anthu ambiri m'deralo, ndipo ena anatsegula minda pamalo odyetsera. Ng'ombe zochuluka zinapanikizana pamalo ochepa mpaka kudya udzu kufika pansi. Zisa zinatsala pamtetete, zina kupondedwa ndi ziboda, zina kugwidwa ndi zilombo.

Mu 2009, Claire Spottiswoode ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo: mbalame zazikulu zotsala ku Liben zinali pakati pa 90 ndi 256 basi. Iwo anachenjeza kuti imeneyi ikhoza kukhala mbalame yoyamba yodziŵika kutheratu pamtunda wa Africa. Mu 2011 zina zinapezeka kufupi ndi Jijiga, kum'maŵa kwa dzikolo, koma nazonso zinali zoŵerengeka.

Chipulumutso sichikanachokera m'kuthamangitsa oŵeta, pakuti chimene chinkapha mbalame ndi chomwecho chinkaondetsa ng'ombe ndi kuchepetsa mkaka wa ana. Motero bungwe la Ethiopian Wildlife and Natural History Society, pamodzi ndi BirdLife International ndi SOS Sahel, linakhala pansi ndi akuluakulu a Aborana nagwirizana zoutsanso mwambo wa kallo. Anthu anadula zitsamba zaminga zija n'kutchingira nazo malo osungira udzu, oyang'aniridwa ndi eni mudzi. M'katimo udzu umakula, mbalame n'kupeza pobisa mazira, ndipo chilimwe chikafika povuta ana a ng'ombe amapeza chakudya.

Ntchitoyi siinathe, chifukwa chilala chikakula mwini ng'ombe amayang'ana udzu wa m'kallo ndi mtima uŵiri, ndipo mpanda wa minga sungalimbe ngati mudzi sunamange mfundo imodzi. Komabe mbiri ya Liben yaonetsa kuti kambalameka kanayamba kusoŵa pamene malamulo a msipu anatayidwa, ndipo katsala ngati Aborana eni ake awasunganso.