Kuphunzitsa ana kuwerenga paokha ku Kitwe ndi Ndola

M'sukulu zaboma za ku Kitwe ndi Ndola, kwa zaka zambiri chinenero chimene ana ankayambira kuwerenga chinali Chibemba. Pulogalamu ya Primary Reading Programme, yomwe inayamba mu 1999, inabweretsa njira ya New Breakthrough to Literacy. Mwana ankanena chiganizo chakechake, n'kuchimanga ndi timakadi ta mawu, kenako n'kuchikopera m'kope. Mphunzitsi akakhala ndi gulu limodzi pakona, magulu enawo ankagwira ntchito okha, ndipo apa m'pamene kudzidalira kunkayambira. Kuchokera mu 2014, chidwi chinapita pa maliwu a zilembo ndi kulumikiza maphatikizo. Vuto lilipo ndithu: Chibemba cha m'mabuku chimasiyana ndi cha m'makomboni monga Chimwemwe ndi Chifubu, choncho mphunzitsi ayenera kuyambira pa mawu amene mwana amalankhula kwawo.