Mapiritsi okodzetsa a BP ndi kutupa: kodi anachokera kuti?

Lero tikambe za kapiritsi kamene kali m'nyumba zambiri, kena komangidwa pansonga ya chitenje, kena kosungidwa m'buku la kuchipatala. Kuchipatala timakatchula kuti HCT kapena HCTZ, dzina lake lonse ndi hydrochlorothiazide. Kali ndi mnzake wamphamvu kuposa iko, furosemide, amene ambiri mumamudziwa kuti Lasix. Dandaulo la anthu ambiri ndi limodzi: "Mankhwalawa akundikodzetsa kwambiri." Ena mpaka amasiya kumwa. Komatu kukodzako ndiye ntchito yake, ndipo madokotala anavutika zaka mazanamazana kufunafuna mankhwala ochita zimenezi popanda kupha wodwala.

Tiyambe ndi impso kuti mbiriyi imveke bwino. Impso ziwiri za munthu wamkulu zimasefa madzi pafupifupi malita 180 pa tsiku kuchokera m'magazi. Amenewo ndi zigubu 9 za malita 20. Koma mkodzo umene timataya ndi lita imodzi ndi theka kapena malita awiri basi. Madzi otsalawo impso zimawabwezera m'magazi, ndipo zimatero pokoka mchere, chifukwa kumene mchere wapita madzi amatsatira komweko. Mtima ukafooka, kapena impso ndi chiwindi zikadwala, thupi limaumira mchere ndi madzi. Miyendo imatupa, mimba imakula, madzi amafika m'mapapo mpaka munthu kumagona chokhala chifukwa chobanika. Mankhwala okodzetsa amaletsa impso kubweza mchere wina, ndiye mcherewo umatuluka mu mkodzo utatenga madzi.

Kale ku Ulaya kunalibe mankhwala otere. Matenda otupawa Angelezi ankawatcha dropsy, ndipo munthu akatupa thupi lonse abale ankadziwa kuti maliro ali pafupi. Madokotala ankacheka mitsempha kuti magazi atuluke, ankaika misundu pakhungu kuti iyamwe magazi, ankaperekanso mankhwala otsekula m'mimba kuti madzi atulukire kumeneko. Wodwala ankangowonjezera kufooka.

Mu 1775, dokotala wina wa ku England, William Withering, anamva za mayi wachikulire wa m'dera la Shropshire amene ankachiritsa otupa ndi zitsamba zosakaniza zoposa 20. Withering atazifufuza anapeza kuti chogwira ntchito chinali chimodzi, duwa lotchedwa foxglove. Anatha zaka khumi akuliyesa pa odwala ndi kulemba zonse zimene ankaona, ndipo mu 1785 anatulutsa buku lake. Anachenjeza kuti mlingo ukapitirira, munthu amasanza, amaona zinthu ngati zachikasu kapena zobiriwira, mtima umagunda pang'onopang'ono, mwinanso kufa kumene. Pambuyo pake zinadziwika kuti duwali limalimbitsa kagundidwe ka mtima, ndiye magazi akayenda bwino impso zimatulutsa madzi. Mankhwala a mtima otchedwa digoxin amachokera ku mtundu wa duwa lomweli. Koma silinkathandiza otupa onse. Patapita zaka pafupifupi 100, m'zaka za m'ma 1870, dokotala wa ku London, Reginald Southey, anapanga timachubu ta siliva tobaya m'miyendo yotupa kuti madzi azidontha. Mpumulo unali wa masiku ochepa, ndipo mabalawo kawirikawiri ankalowa matenda.

Zinthu zinasintha mu 1919 mumzinda wa Vienna ku Austria, ndipo zinasintha chifukwa cha ntchito imene anthu amaipeputsa, yoyeza mkodzo. Mnyamata wina wophunzira udokotala, Alfred Vogl, ankabaya mtsikana wodwala chindoko jakisoni wa Novasurol, mankhwala okhala ndi mercury, madzi olemera onga siliva aja amene ankakhala m'timagalasi takale toyezera kutentha kwa thupi. Anamwino a mu wodiyo ankayeza ndi kulemba mkodzo wa wodwala aliyense tsiku ndi tsiku. Pa pepala lawo panaoneka kuti tsiku lililonse la jakisoni mkodzo unkachuluka, jakisoni akalekeza unkabwerera mwakale. Atayesa pa bambo wotupa chifukwa cha mtima, anakodza malita ambirimbiri tsiku limodzi ndipo kutupa kunaphwa. Kwa zaka zoposa 30, majakisoni a mercury ndiwo anali chida chachikulu cha otupa. Vuto lake linali loti mercury ndi poizoni. Ankawononga impso, ankatulutsa zilonda m'kamwa, ndipo ena ankafa mwadzidzidzi atangobayidwa.

Nanga a BP? Iwowo ndiye analibe pogwira. Madokotala ambiri nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti kuthamanga kwa magazi mwa munthu wachikulire n'kofunika kuti magazi afike paliponse, ndipo kukutsitsa n'kulakwa. Pulezidenti wa dziko la America, Franklin Roosevelt, anali ndi madokotala akeake, koma chimene akanatha kumuchitira chinali kumuuza kuti apume, achepetse mchere, ndi kumupatsa mankhwala a mtima ochokera ku duwa lija. Pa 12 April 1945 mtsempha unaphulika mu ubongo wake, BP itafika 300/190, ndipo anamwalira ali ndi zaka 63. M'zaka zomwezo dokotala wina ku America, Walter Kempner, ankadyetsa odwala BP mpunga, zipatso ndi shuga zokhazokha, popanda mchere. BP inkatsikadi, zimene zinaonetsa kuti mchere uli ndi mlandu, koma ndi ochepa amene ankapirira chakudya chotero kwa miyezi.

Kapiritsi kathu kanabadwa kuchokera ku mankhwala opha tizilombo. M'zaka za m'ma 1930 kunabwera sulfanilamide, wa m'banja limodzi ndi Bactrim amene timamudziwa lero. Madokotala anaona kuti ankasintha mkodzo wa odwala. Mu 1949 William Schwartz wa ku Boston anaupereka kwa odwala mtima otupa ndipo anataya mchere ndi madzi, kungoti sukanamwedwa nthawi yaitali chifukwa unkadwalitsa. Akatswiri anayi a kampani ya Merck, Karl Beyer, James Sprague, John Baer ndi Frederick Novello, anapitiriza kusintha kapangidwe kake mpaka anapeza chlorothiazide, amene anayamba kugulitsidwa mu 1958. Anali wakumwa, wosafuna jakisoni, wopanda mercury, ndipo ankatsitsa BP ngakhale mwa anthu osatupa. HCT anatsatira mu 1959. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, kampani ya Hoechst ku Germany inatulutsa furosemide, amene amachotsa madzi ambiri mofulumira ndipo mphamvu yake imakhala pafupifupi maola 6. Apa ndiye majakisoni a mercury anatayidwa.

Funso linatsala: kodi kutsitsa BP mwa munthu amene sakumva kupweteka paliponse kuli ndi phindu? Dokotala Edward Freis anatsogolera kafukufuku m'zipatala za asilikali opuma ku America, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1967. Abambo 143 a BP yokwera kwambiri anagawidwa pawiri. Gulu lina linkamwa HCT pamodzi ndi mankhwala ena awiri, lina linkamwa mapiritsi opanda mankhwala. Pasanathe zaka ziwiri, mwa osalandira mankhwala anthu 27 anagwa m'mavuto aakulu monga sitiroko, kufooka kwa mtima, kuwonongeka kwa impso ndi imfa. Mwa olandira mankhwala anali awiri okha. Kafukufukuyo anamuimitsa msanga kuti onse ayambe kulandira chithandizo.

Kuno kwathu nkhaniyi si ya azungu okha ayi. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti ku Malawi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Mu 2019 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa CREOLE, wochitika pa anthu oposa 700 m'mayiko 6 a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique, Kenya ndi South Africa. Anasonyeza kuti HCT akaphatikizidwa ndi amlodipine amatsitsa bwino BP ya anthu akuda. Choncho akakupatsani mitundu iwiri musadabwe, ndipo musasankhepo umodzi.

Mbiriyi ili ndi cholakwa chimene amayi muyenera kuchidziwa. M'zaka za m'ma 1960, madokotala ankapatsa amayi oyembekezera mapiritsi okodzetsa akangotupa miyendo, poganiza kuti akuwateteza ku BP ya pamimba ndi kukomoka. Kenako zinaoneka kuti satetezadi, ndipo mchitidwewo unasiyidwa. Mayi woyembekezera akatupa nkhope ndi manja, mutu ukamapweteka kwambiri kapena akamaona zinthu mwachimbuuzi, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Asabwereke Lasix wa apongozi. Kuli mankhwala ake a BP ya pamimba monga methyldopa. Chimodzimodzi mwana wotupikana chifukwa chosowa zakudya m'thupi: okodzetsa akhoza kumupha. Iye amafunika mkaka wapadera ndi chiponde cha kuchipatala.

Inu amene dokotala anakulemberani mapiritsiwa, imwani m'mawa kuti usiku mugone. Ngati Lasix ndi wa kawiri pa tsiku, wachiwiriyo imwani masana osati madzulo. Kwa omwa HCT, kukodza pafupipafupi kumachepa pakapita milungu ingapo, koma BP imapitiriza kutsika chifukwa mitsempha imakhala itamasuka. Musasiye chifukwa mukupeza bwino, pakuti BP imabwerera mwakachetechete. Chepetsani mchere m'ndiwo, nsomba zouma zamchere muziyamba mwaziviika, ndipo soda wa m'therere ndi timakyubu tokometsera ndiwo nazonso ndi mchere. Mchere ukachuluka, piritsi limakhala likutunga madzi ndi dengu.

HCT ndi Lasix amatayitsanso mchere wina wofunika ku mtima wotchedwa potaziyamu. Nthochi, mapeyala, nyemba, mbatata ndi masamba monga bonongwe zimathandiza kuubwezera. Koma ngati mumamwa spironolactone kapena enalapril, kapena muli ndi vuto la impso, yambani mwafunsa kuchipatala, chifukwa pamenepo potaziyamu amasungika m'thupi ndipo akachuluka amavulaza. Mukamamva chizungulire podzuka, kufooka kapena kukokana kwa miyendo, kauzeni namwino. Mukatsekula m'mimba kapena kusanza, pitani tsiku lomwelo akakuuzeni ngati muyenera kuyamba mwaimitsa, popeza thupi likutaya kale madzi. Brufen ndi diclofenac ogula pa golosale amafooketsa mankhwalawa ndipo amalemetsa impso, ndiye musamamwe mwachisawawa.

Withering anatha zaka khumi akufufuza mlingo woyenera wa duwa limodzi, ndipo anamwino a ku Vienna ankalemba mkodzo tsiku lililonse. Mlingo umene uli m'buku lanu nawonso unayezedwa potengera BP yanu, impso zanu ndi msinkhu wanu, n'chifukwa chake piritsi lanu si la mnansi wanu. Lisungeni patali ndi ana, ndipo tsiku lokatenga ena likafika, pitani ndi buku lanu akakuyezeninso BP.