Ulendo wa Sitima ya Quaker City

Kale anthu anali kukwera sitima za pamadzi cifukwa ca malonda, nkhondo kapena kusamuka. Koma pa 8 June 1867, ku New York m'dziko la America, kunanyamuka sitima dzina lace Quaker City, imene inanyamula anthu ofuna kungoona maiko. Munthu ali yense analipira madola 1,250. Ndalama zimenezi zinali za malo ndi cakudya m'sitimamo. Za kumtunda ali yense anali kudzionera yekha. Mmodzi wa alendowo anali Mark Twain, amene anali kulemba makalata a ulendowo kwa anyuzi.

Sitima imafikitsa munthu pa doko pokha. Zimene mlendo adzaona kumtunda zitsata nzeru zace, ndalama zace ndi masiku amene sitima iima. Cifukwa cace pa doko liri lonse alendowo anali kugawikana. Pa Gibraltar ena anaoloka kunka ku Tangier. Pa Marseilles ambiri anakwera sitima ya pamtunda kukaona Paris. Ofuna zonse anacenjezedwa ndi kucepa kwa masiku, monga anena akulu kuti ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Caka cimeneco anthu anali kuopa nthenda ya kolera. Ku Naples akulu a doko analetsa anthu a m'sitimayo kutsika, ndipo otsala m'menemo anangopenya mzinda ali patali. Koma anzao amene anadzera pamtunda kucokera ku Rome anayenda momasuka. Pa doko la ku Athens analetsedwanso. Amuna anai, pamodzi ndi Twain, anazemba usiku, nakwera phiri la Acropolis kukaona mabwinja a akacisi, nabwerera kusanace. Akadagwidwa akadalangidwa koopsa.

Atafika ku Beirut, amuna asanu ndi atatu anasankha njira yaitali ya pa akavalo, yodzera ku Damascus kufikira ku Jerusalem, kuti akapeze sitima ku Jaffa. Ambiri a iwo anali atalakalaka ciyambire ubwana wao kuyenda pa Nyanja ya Galilee, imene anaiwerenga m'Buku Lopatulika. Pofika pa gombe anapeza ngalawa, ndipo eni ace anapempha ndalama ziwiri za golidi, ndizo ngati madola 8. Alendowo anati mtengo wakula, nanena kuti apereka imodzi. Eni ngalawa sanayankhe kanthu. Anangotembenuza ngalawa yao nacoka. Ina sinaoneke. Motero anthu amene analipira madola 1,250 ali yense, naoloka nyanja yaikuru, analephera cimene anacidzera cifukwa ca madola 4, ndipo anatsata gombe pa akavalo alikudzudzulana.

Sitimayo inabwerera ku New York pa 19 November 1867, ndipo m'caka ca 1869 Twain anaturutsa buku la ulendowo, The Innocents Abroad. Lero sitima zotere zacuruka, ndipo zambiri ziima pa doko tsiku limodzi lokha. Mlendo wanzeru ayamba wadziwa cinthu cimodzi cimene mtima wace ucifunitsa pa doko liri lonse, nasungirako nthawi ndi ndalama, pakuti si ambiri amene apita kawiri pa gombe lomwelo.