Njira ya pamchenga: kuchoka patsinde pa Senga kukafika pa dooko la Nguwo

Misewu ya m'boma la Salima ili ndi zaka zake zodziwika, koma ilipo njira imodzi imene palibe angatchule tsiku limene inalambulidwa. Njirayo ndi gombe la nyanja. Wofuna kuidziwa ayambire patsinde pa phiri la Senga, pafupi ndi hotela ya Sunbird Livingstonia Beach, n'kutsata mchenga kulowera kumwera mpaka pa dooko la asodzi la Nguwo. Palibe chitunda chokwera, moti mwana wa sitandade 3 ndi agogo ake akhoza kuyenda limodzi. Koma ulendo waufupiwu umadutsa m'mbiri yaitali, imene imatiuza kuti gombeli linali msewu wa anthu onse lisanakhale malo opumulirako alendo.

Eni dera akale anali Achewa a ufumu wa Kalonga, umene likulu lake linali ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1800 ufumuwo unali utafooka, ndipo magulu a Ayao ochokera kutsidya la kum'mawa anayamba kukhazikika m'mbali mwa nyanja. Mayina a mafumu awo adakalipo: Maganga, amene Senga Bay ili m'dera lake, Pemba, Ndindi, Kuluunda ndi Makanjira. Sanasankhe gombeli mwangozi. Chakuno nyanja imapanikizika, kotero kuti tsiku lopanda chifunga mapiri a kutsidya amaoneka bwino lomwe. Pamene nyanja yachepa m'mimba ndi pamene pali pabwino kuwolokera, ndipo kuseri kwa mapiri akum'mawawo kunali njira zapansi zofika ku Kilwa, m'mphepete mwa nyanja ya mchere.

Musanayambe kuyenda, ana atembenuke ayang'ane kumpoto. Kuseri kwa phiri la Senga kuli Lifuwu, kumene azungu ankalemba kuti Rifu, pa gombe limene iwo analitcha Leopard Bay. Kumeneko kunkakocheza madau, zombo zamatanga zopangidwa mwa luso la Aswahili, zonga zimene Jumbe Salim bin Abdallah ankayendetsa ku Nkhotakota chikhazikikireni kumeneko cha m'ma 1840. Madauwo ankabweretsa nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Pobwerera ankanyamula minyanga ya njovu, komanso anthu ogwidwa ukapolo, amene anaponda mchenga uno komaliza osadzabwereranso. Zombo zomwezo ndizo zinawolotsa mashehe ndi aphunzitsi a Qur'an, zilembo za Chiarabu ndi mawu a Chiswahili, monga dzina laulemu lakuti Bibi limene ufumu wa Kuluunda umadziwika nalo mpaka lero. Mbali ziwirizi n'zoona zonse, ndipo mwana amene wauzidwa imodzi yokha wamanidwa theka la cholowa chake.

Nthawi ya madau inatha ndi nkhondo. Dziko lino litakhala pansi pa Angerezi mu 1891, Harry Johnston analimbana ndi Makanjira wa kutsidya, ndipo mu December chaka chomwecho Captain Cecil Maguire anaphedwa pamene ankawononga madau a mfumuyo. M'zaka zotsatira atsamunda anamanga linga la Fort Maguire kutsidyako ndi linanso ku Lifuwu, n'kutseka khomo lowolokera mbali zonse ziwiri. Pamalo pa madau panabwera sitima zapamadzi zoyendera nthunzi, ndipo dooko la Domira Bay, kumpoto kwa Lifuwu, linakhala polowera katundu wopita ku Dowa, Lilongwe ndi Fort Jameson, imene lero ndi Chipata.

Chimene chinasintha nkhope ya dera lino koposa nkhondo ndi njanji. Inachokera ku Blantyre, inakhudza nyanja pa Chipoka, n'kufika pa Salima mu 1935. Sinapitirire ku Domira Bay, ndipo dookolo linazilala. Tawuni inamera mozungulira siteshoni, makilomita pafupifupi 20 kuchoka kunyanja. Boma limene linkayang'ana kum'mawa linafulatira madzi n'kuyang'ana kumtunda. Gombe linasanduka kopitidwa mphepo: hotela ya patsinde pa phiri ija inayamba nthawi ya atsamunda ndi dzina lakuti Grand Beach. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, Senga Bay inakhala nyanja yapafupi ya anthu a mumzindawo, ndipo nyumba zogona alendo zinachuluka.

N'chifukwa chake chigawo choyamba cha ulendowu chimadutsa kutsogolo kwa mipanda, kapinga wothiriridwa ndi mipando yogonapo. Kutsogolo m'madzi kuli kachilumba ka Namalenje, ndipo chakumwera kuli zilumba za Maleri, zimene zili mbali ya Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Kenaka mipanda imayamba kutalikirana, fungo la usipa limakulonjerani, ndipo mwafika kumene gombe lidakali pa ntchito yake yakale.

Pa dooko m'mamawa pamakhala piringupiringu. Maboti amene anachezera pa nyanja ndi nyali zokopera usipa amakocheza, alovi akukoka zingwe, amayi a geni akupikisana mitengo ndi mabeseni m'manja, ena akuyala nsomba pa mathandala. Khoka la chilimira limene likuyanikidwa pamchengapo nalonso lili ndi ulendo wake: linafala kuchokera ku Likoma, ndipo asodzi a Chitonga analitengera kumwera pofunafuna utaka ndi usipa. Tcherani khutu ndipo mumva Chichewa, Chiyao, Chitonga ndi Chitumbuka pa bwato limodzi. Adhana ya mumzikiti ndi belu la tchalitchi zimamveka m'mudzi umodzi. Umu ndi mmene madooko a nyanja ino akhalira kuyambira kale, pofikira alendo amene mawa lake amakhala eni mudzi.

Asodzi a m'boma lino ali ndi mbiri inanso yoyenera kuuza ana. Pa chilumba cha Mbenje, kumpoto chakufupi ndi Chikombe, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi miyezi ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kuti nsomba ziswane. Mowa ndi njuga n'zoletsedwa pachilumbapo. Lamuloli silinachokere ku ofesi ya boma. Linabadwa pa gombe, ndipo lapirira chifukwa anthu amaliona kuti ndi lawo.

Gombe lenilenilo silikhala malo amodzi. Kuyambira cha mu 1915 nyanja inaphwa kwambiri moti mtsinje wa Shire unaleka kutuluka m'nyanjamo kwa zaka pafupifupi 20. Mu 1980 madzi anakwera n'kumiza malo amene anthu ankayesa mtunda, ndipo mu 2024 anabweranso n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo. Madzi saiwala khwawa. Vuto la masiku ano n'lakuti kale nyanja ikakwera njira inkangosunthira kumtunda, pamene lero kumtundako kuli khoma la njerwa. Mpanda uliwonse wofika m'madzi umadula msewu umene msodzi amapitira ku bwato lake, mayi kokachapa, mwana kusukulu ndi ku madrasa. Mahotela amalemba anthu ntchito ndipo amagula nsomba za pa dooko lomwelo, choncho nkhani si yothamangitsana. Nkhani ndi yakuti mafumu, khonsolo ya boma ndi eni malo asiye mpata woti munthu adutse, chifukwa njirayi inalipo chikalata cha malo chilichonse chisanalembedwe.

Banja lofuna kuyenda ulendowu linyamuke dzuwa lisanakwere, pakuti masana mchenga umawotcha mapazi. M'miyezi ya mwera, kuyambira May mpaka August, mafunde amakula, ndipo ana ayende chakumtunda. Asasambe m'mabango kapena m'madzi odikha, kumene kumabisala ng'ona ndi nkhono zofalitsa likodzo. Pa dooko perekani moni, pemphani musanajambule munthu, ndipo mukapeza mkulu akusoka khoka khalani naye pansi. Mufunseni kumene makolo ake anachokera ndi pamene madzi ankalekeza iye ali mnyamata. Zambiri za gombe lino sizinalembedwe m'buku lililonse, ndipo amene akuzisunga akukalamba. Njira imene anthu akuyendamo siimera udzu, ndiponso n'kovuta kuitseka ndi mpanda.