Zimene Magazi Amaulula Ponena za Impso

Impso zimasefa magazi usana ndi usiku, ndi kutaya zonyansa kupyolera mumkodzo. Zikayamba kufooka, kawirikawiri munthu samva kupweteka kulikonse, ndiye cifukwa cake madokotala amadalira kupima magazi.

Coyamba cimene amayang'ana ndi creatinine, zotsalira zimene minofu imatulutsa tsiku ndi tsiku. Impso zabwino zimaicotsa m'magazi, ndipo ikaculuka ndiye kuti kusefa kwacepa. Komabe creatinine payokha inganamize. Mnyamata wa minofu ikuluikulu angakhale nayo yambiri impso zake zili bwinobwino, pamene nkhalamba yoonda ingakhale nayo yocepa impso zitaonongeka kale. Ndiponso nthawi zambiri imakwera moonekera pamene pafupifupi theka la mphamvu ya impso latha.

Motero kuculuka kwa creatinine amakuwerengera pamodzi ndi zaka za munthu, ndiponso ngati ndi mwamuna kapena mkazi, kuti apeze nambala yochedwa eGFR. Munthu wathanzi amakhala ndi 90 kapena kuposerapo. Ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu, amenewo ndi matenda a impso okhalitsa. Pansi pa 15 impso zalephera, ndipo wodwala angafunikire makina osefa magazi, monga amene ali pa cipatala ca University Teaching Hospital mu Lusaka.

Urea nayonso imapimidwa, ngakhale kuti imakweranso munthu akangocepa madzi m'thupi.

Odwala shuga, a BP, ndi amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir afunika kupimitsa impso kawirikawiri, osayembekezera kuti miyendo iyambe kutupa.